Amene Sakufuna Kuoneka Atuluke

A Gelesomu Mbewe tawaika m'manda sabata yathayi, chifunga chitakuta mapiri a ku Mvera kuyambira m'mawa mpaka pamene adzukulu amatsiriza kukwirira. Ambiri mwa anthu amene anabwera kudzakhuza maliro sankalidziwa dzina limeneli. Mkulu wa mpingo atalitchula, amayi ena ochokera ku Chezi anayamba kuyang'anana ngati asokera maliro, mpaka wina anawanong'oneza kuti ndi a Ching'ani omwe aja, ojambula zithunzi. Apo m'pamene anakhazikika n'kuyamba kulira.

Dzina loti Ching'ani adawapatsa ndi ana a sukulu kalekale, chifukwa cha fulashi, kanyali kaja kokhala pamwamba pa kamera kamene kamang'anima kamodzi n'kukusiya ukuphethira. Eni ake sadalikonde, koma ukawaitana nalo ankayankha.

Ine ndine telala, ndipo makina anga akhala pakhonde logundana ndi situdiyo yawo kuyambira pamene ndidakwatiwa kuno. Munthu amene wagawana naye khonde zaka zonsezo sungamulembe ngati mngelo. A Ching'ani adali ovuta, osachedwa kupsa mtima, ndipo sizasi yanga ankaitenga osapempha n'kukadulira makatoni. Pamaliro anawayamikira za kwaya ndi za denga la tchalitchi limene adathandiza kukhoma. Zonsezo n'zoona. Koma chimene sanachitchule n'chakuti bamboyu adakhala theka la moyo wake akudikira mayi wina wokalamba wa kumapiri a ku Ntchisi, amene mwana wake adasowa chifukwa cha chithunzi chimene iwo adajambula. Ankaopa tsiku limene mayiyo adzaime pakhomo pawo, ndipo ankaopanso kuti mmodzi wa iwo angafe tsikulo lisadafike.

Aliyense amene adajambulitsako kwa iwo akukumbukira mawu amene ankanena asadadine batani. Ankayamba akonza anthu, wamtali kumbuyo, ana kutsogolo, uyu tsitsa chibwano, uyo bisa mapazi osasambawo. Akatero ankatsitsa kamera n'kuzungulira nyumba yonse, kusuzumira kuseri kwa chitseko, pakhomo la kuchipinda, ngakhale pawindo. Kenaka ankaima pakati n'kukweza mawu ngati wolengeza uthenga wa maliro, amvekere amene sakufuna kuoneka atuluke. Ndiye ankadikira, kudikira kwenikweni, anthu masaya atauma ndi kumwetulira, ngati pali wina woti atuluke pansi pa tebulo. Ana ankaseka. Anyamata adawasandutsa mawuwo nthabwala, moti ngakhale kumpira wina akafuna kumenya penate ankafuula zomwezo. A Ching'ani sadasekepo nawo.

Situdiyo yawo ndi chipinda chimodzi, chokhala ndi kakona kotchinga kotsukiramo zithunzi. Chipinda chochepa chotero adachiboolera khomo lachiwiri kumbuyo, loyang'ana kumunda wa mbatata, ndipo asadajambule munthu ankalitsegula kaye, kaya kukuzizira bwanji. Panjinga pawo sipankasowa bulangete lakuda lolemera. Akaitanidwa kunyumba ya munthu ankalikhoma kumbuyo kwa ojambulidwa, kuti litseke khomo la kuchipinda ndi zonse za kumeneko. Fulashi nayo adaiveka chipewa. Adandibweretsera katoni yopindidwa ngati fanulo kuti ndiikute ndi nsalu yakuda, n'cholinga choti kuwala kuzingogwera pa anthu amene aima kutsogolo, kusamwazikire m'mbali. Adandibweza kangapo, akuti msoko ukudontha kuwala. Ndidawauza kuti ine ndasoka madiresi a ukwati a dera lonse lino popanda wondibweza, iwo akundivutitsa ndi chipewa cha nyali. Adandiyankha kuti diresi likang'ambika amalisokanso.

Ankakonda kunena kuti diso lili ndi ulemu, limafika pakhomo n'kuima, koma fulashi ndi mlendo wopanda mwambo amene amalowa mpaka kuchipinda osaodira. Ankatinso mdima wa m'nyumba ya munthu ndi katundu wake, chimodzimodzi mbuzi kapena nkhokwe, ndipo wojambula alibe chilolezo choutenga. Pachiyambi ndinkayesa ndi nzeru zongodzitamira nazo, monga amachitira amisiri onse.

Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyu, woopa kuwala kwake m'nyumba, panja ankakugwiritsa ntchito mosaumira. Dzuwa lili paliwombo iwo ankayatsa fulashi, anthu n'kumafunsa kuti mabatirewo akuwawonongeranji. Ankayankha mokalipa kuti dzuwa la masana limabisa munthu wakuda. Limamuika mthunzi m'maso ndi pansi pa chipewa, malaya oyera n'kuwala mbee, nkhope n'kusanduka chitsa chopsa. Matenanti a m'maesiteti a fodya, amene ankatumiza zithunzi kwawo ku Mulanje ndi ku Thyolo kuti abale aone kuti akadali moyo, ankawakonda chifukwa cha chimenechi. Pa chithunzi cha a Ching'ani mayi ako ankakuzindikira. Wina akabwera wopanda malaya abwino ankamubwereka awo, n'kumukalipira kuti aime mowongoka, kwawo asakaganize kuti fodya wamuthyola msana.

Mkangano umene udatchuka kwambiri ndi wa bwana wina wa esiteti ku Chezi. Fodya atamuyendera bwino chaka china adagula mipando ya sofa, kabati yagalasi ndi wailesi yaikulu yamakaseti, ndiye adaitanitsa a Ching'ani kuti akamujambule ndi banja lake pabalaza. Iwo adafika n'kukhoma bulangete lawo kutsogolo kwa kabati, poti pambali pake padali khomo la kuchipinda lopanda chitseko.

"Akulu, ndakuitanani kuti mujambule katundu wanga, osati bulangete lanu lonunkha mbuzili," adatero bwanayo.

"Kuchipindako kuli ndani?"

"Kulibe munthu."

"Mwaonako liti?"

"Nyumba ndi yanga iyi!"

"Ndiye tulutsani kabatiyo panja. Ndiijambula ndi mtima wonse."

Kabati idatulukadi, matenanti atainyamula akubisa kuseka, ndipo chithunzicho chilipo mpaka lero. Banja lonse lakhala pasofa pakati pa bwalo, wailesi ili pamiyendo pa mayi, nkhuku ikudutsa kutsogolo.

Ndi abusa ena achinyamata nawonso adasemphana. Abusawo adawadzudzula paukwati kuti mawu awo aja ndi osayenera m'nyumba ya Mulungu, mmene aliyense amaoneka kale. A Ching'ani adayankha kuti Mulungu akaona munthu sakhoma chithunzi chake pamsewu. Adatha miyezi akungopatsana moni wa m'mphuno.

Pakhoma la kutsogolo kwa situdiyo pali bolodi la galasi, lija ojambula onse amaikamo zithunzi zokopa anthu odutsa. La a Ching'ani ndidalipeza lopanda kanthu. Ojambula achinyamata atayamba kubwera ndi zithunzi zamitundu, n'kumadzaza mabolodi awo ndi atsikana ovala mathalauza, makasitomala ambiri adathamangira kumeneko. Akazi awo, a Nabanda, adawachonderera kuti aikemo ngakhale chithunzi chimodzi. Adakana kwamtuwagalu. Koma galasilo ankalipukuta m'mawa uliwonse ndi kansalu kofewa.

Ndi a Nabanda amene adandiuza chiyambi cha zonsezi, tsiku lina ndikupinda m'mphepete mwa bulangete lija litayamba kumasuka ulusi. Masiku amenewo nkhani zotere tinkazikamba motsitsa mawu, phazi likupondabe makina kuti odutsa asamve.

Zidachitika a Ching'ani ndevu zikadali zakuda, atangogula fulashi yawo yoyamba kwa munthu wina wobwera ku Joni. M'dera lonse lino padalibe wina amene adali nayo, ndipo ankayenda nayo modzimva. Adaitanidwa ku ukwati m'mudzi wina kumapiri a ku Ntchisi. Mkwatibwi, Felesiya, adali ndi mlongo wake dzina lake Lameki, mphunzitsi, amene adathawa kwawo atakana kubweza ana a sukulu opanda khadi la chipani. Anthu a boma ankamufuna, ndipo mudzi wonse unkanena kuti adawolokera ku Zambia. Koma Lameki sadapirire kuti mlongo wake akwatiwe iye kulibe. Adabwera mozemba, ndipo mayi ake, a Nankhoma, adamubisa kuchipinda.

Tsikulo kudagwa chizimalupsa, anthu n'kuthawira m'nyumba. Nyumba yaudzu ya mawindo ang'onoang'ono mumakhala mdima ngakhale masana, ndipo a Ching'ani adakondwa kuti mpata woonetsa chida chawo wapezeka. Adaimika akwati pabalaza. Kumbuyo kwawo kudali khomo la kuchipinda, lakuda bii, moti diso silinkaona kanthu mmenemo. Lameki adali ataima momwemo, atakhulupirira mdimawo, kuti aone mlongo wake atavala velo. Fulashi idang'anima, amayi adakuwa, ana adaseka, phwando lidapitirira.

Chithunzicho chidatuluka chokongola kuposa zonse zimene adajambulapo. Adachikhoma pabolodi, pamsewu wodutsa aliyense wopita kumsika. Chidakhalapo masiku angapo anthu akuchiyamikira. Kenaka wina wa maso akuthwa adaima n'kuyang'anitsitsa pamwamba pa phewa la mkwati, pamene padali kankhope kochepa ngati nzama. Sipadapite nthawi galimoto ya anthu a boma aja idakwera kumapiri kuja, ndipo Lameki adakamupeza m'nkhokwe ya amalume ake. Sadabwerenso, ndipo palibe amene adauzidwa kumene adamuika.

Anthu omwewo adatenga chithunzi cha pabolodi ndi zina zonse za ukwatiwo. Zithunzi za Lameki za kusukulu banja lidali litaziwotcha kale pamene adathawa, poopa kupezeka nazo. Chidatsala ndi negetivu yokha, kafilimu kaja kamene chithunzi chimachokerako. A Ching'ani adanama kuti adakataya, ndipo a Nabanda adakakulunga m'pepala n'kukasokerera m'kati mwa jekete lawo la kutchalitchi. Tsiku limene a Nabanda adandiuza zimenezi ndidamvetsa chifukwa chake jekete lija sadalibweretsepo kwa ine, chonsecho lidali litatha m'zigongono.

Zinthu zitasintha, referendamu itadutsa ndi masankho atachitika, anthu adayamba kutchula mayina a abale awo osowa, ena mpaka pawailesi. Kuno kwathu sizidabwere msanga. Ambiri adavotera kuti zinthu zikhale monga zidalili, ndipo anthu amene ankanenera anzawo kuboma tinkakhala nawo benchi limodzi kutchalitchi. Komabe mantha adayamba kuchepa pang'onopang'ono, ndipo pamene ena ankapumira m'mwamba, a Ching'ani ndiye adayamba kuwonda. Adapita ku Lilongwe kukasaka mapepala ndi mankhwala otsukira zithunzi zakuda ndi zoyera, zimene panthawiyo zidali zitayamba kusowa. Adakonzetsa makina awo akale okulitsira zithunzi, oyendera batire ya galimoto. Kangapo konse adavala jekete lija n'kupalasa njinga kulowera ku Ntchisi, koma ankabwerera panjira. Ankafika n'kulikoleka pamsomali mu situdiyo.

Ndidawapsera mtima. Ndidawauza pamaso kuti mwamuna wokalipira mabwana a maesiteti akuopa nkhalamba yoyendera ndodo. Sadandikalipire, ndipo chimenecho chidandiopsa kuposa kukalipa.

"Nachisale," adatero, "ndikapita nacho ine, ndiye kuti ndapita kukapempha chikhululukiro nkhope ya mwana wawo ili m'manja mwanga. Angakane bwanji? Abwere okha akafuna. Mlandu suola."

Ndidawayankha kuti mlandu suola koma anthu amaola. Mpaka lero sindidziwa amene ankalondola pa ife awiri.

A Nabanda ndiwo adatopa ndi kuona mwamuna akutha ngati sopo. Osauza aliyense, adatumiza mawu kumapiri kuja kudzera mwa mayi wina wogulitsa mbatata pamsika, kuti nkhope ya Lameki ikadalipo.

Adafika m'mawa wina nyengo yogulitsa fodya. Matola adaima kutsidya kwa msewu, ndipo adatsika a Felesiya, tsopano mayi wa imvi zake. Kenaka adatsitsa mayi awo, opepuka ngati mtolo wa udzu wouma. Maso a gogoyo adali atachita ng'ala, otuwa ngati madzi onyikamo mphale. A Ching'ani adali akupukuta galasi la bolodi.

"Odi kuno. Ojambula aja ndinu?"

Kansalu kadagwa pansi.

"Ndine, mayi."

"Ndine Nankhoma. Ndamva kuti mwana wanga ali kwa inu."

"Ali kuno, mayi."

"Ndabwera kuti ndimuone."

Moni wake udali womwewo. A Ching'ani adalowa n'kutuluka ndi jekete, n'kungondipatsira ine. Ndine ndidamasula msoko wa a Nabanda ndi kalumo kanga, ndipo kapepalako kadagwera m'dzanja langa, kopepuka ngati khoko la mtedza. Adapempha kuti alendowo akapume kwa a Nabanda n'kubweranso mawa, poti ntchito yake ndi yaitali.

"Ndadikira kuyambira tsitsi langa lili lakuda," adatero gogoyo. "Tsiku limodzi silindipha. Ndikhala pompano."

Adakhala pampando wanga wa makasitomala, ndodo ili pakati pa miyendo. A Ching'ani adadzitsekera m'kakona kawo kamdima. Tsiku limenelo sindidasoke kanthu. A Nankhoma ankandiuza za Lameki ngati munthu amene wangopita kudimba, kuti ankadana ndi therere, kuti ankaimba mluzu posenga ndevu, kuti ali mwana adagwa mumtengo wa masuku n'kubisa bala mpaka lidatukusira. Za amene adamutenga sadatchule. Za a Ching'ani sadatchulenso.

Chithunzi choyamba chidatuluka dzuwa litakwera, cha ukwati wonse monga chidalili pabolodi. A Felesiya atadziona ali mtsikana, ndi kankhope kaja pamwamba pa phewa la malemu amuna awo, adatseka pakamwa ndi chitenje. Gogoyo adachibweretsa mpaka pamphuno.

"Ndikuona choyera chokha. Ndi velo limeneli? Nanga mwana wanga ali pati?"

A Felesiya adatenga chala cha mayi awo n'kuchiika pamalopo.

"Palibe chimene ndikuona."

A Ching'ani adalowanso. Adatuluka ndi nkhope yokha, ataikulitsa kufika ngati chikhatho. Gogoyo adaitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti akuona mthunzi. A Ching'ani adalowanso, ndipo ulendo uwu adakhalitsa, ife tikungomva madzi akuthira m'beseni. Adatenga pepala lalikulu kuposa onse amene adagula ku Lilongwe.

Kankhope kochepa ngati nzama ukakakoka kufika ngati lichero kamasweka. Chimene chidatuluka adali madontho okhaokha, akuda ndi otuwa, ngati mapira omwazika pamphasa. Ine ndidayang'ana, sindidaone munthu. A Felesiya adapukusa mutu. A Ching'ani adaima pakhomo la situdiyo, pepala likudontha madzi, nkhope itagwa.

"Mayi, ndalephera," adatero. "Kuwala kudafika pang'ono pakhomo paja. Kudakwanira kumupereka, koma sikukukwanira kumubweza."

"Taimani pomwepo," adatero a Nankhoma. "Musasunthe. Kwezani pang'ono."

Dzuwa lidali litapendeka, likuwomba papepalalo. Gogoyo adatsamira kutsogolo atagwira ndodo ndi manja onse. Maso awo ankaona zinthu zonse ngati za m'chifunga, choncho madontho amene ankatisokoneza ife iwo sadawaone. Kwa iwo adalumikizana.

"Lameki," adatero, osakweza mawu, ngati akumuitana kuti adzadye. "Taonani mmene wapendeketsera mutu. Bambo ake enieni. Akuseka, eti? Felesiya, mlongo wako akukuseka."

A Felesiya adabwerera chambuyo mpaka pakati pa msewu, ndipo ali kumeneko nawonso adamuona. Adangokhala pansi pafumbi pomwepo n'kuyamba kulira maliro amene sadaloledwe kulira ali mtsikana. Ine ndidawatsatira, ndipo nditacheuka ndidaona mnyamata amene sindidamudziwepo, wa chipumi chachikulu, akusuzumira mosangalala kuchokera mumdima. Ndidalira nawo, ndipo sindichita manyazi kunena.

Patapita nthawi gogoyo adafunsa, maso ali papepala.

"Pojambula paja mudamuona?"

"Iyayi, mayi. Mudali mdima."

"Nanga pokhoma pakhomapa?"

A Ching'ani adacheukira kubolodi.

"Ndidayang'ana velo, mayi, mmene lidawalira. Ndinkafuna anthu aone kuti ndimatha."

Gogoyo adangogwedeza mutu. Sadanene kuti ndakukhululukirani, ndipo ine sindiwaikira mawu m'kamwa. Chimene adanena ndi ichi:

"Ndijambuleni naye. Sitidajambulitsepo limodzi."

Pepala litauma tidawalowetsa mu situdiyo n'kuwakhazika pampando, nkhope ya Lameki ataikumbatira pachifuwa. A Ching'ani adatsegula khomo la kumbuyo. Adasuzumira kuseri kwa chitseko ndi m'kakona kamdima, monga mwa masiku onse. Adaima pakati, n'kuyamba ndi mawu osasa:

"Amene sakufuna kuoneka..."

"Bambo," gogoyo adawadula, "kubisala kudatha. Tonse tili pano. Jambulani."

Ndidaona a Ching'ani akuivula fulashi chipewa chija ndidasoka n'kuchiika m'thumba. Fulashi idang'anima chipinda chonse, mpaka ine ndi a Nabanda, amene tidakanirira kukhoma, tidalowa nawo m'chithunzicho. Gogoyo sadaphethire n'komwe.

Musaganize kuti a Ching'ani adasintha. M'mawa mwake chipewa chidabwerera pamalo pake, ndipo mawu aja adawanenabe mpaka ukwati womaliza umene adajambula. Kuvuta kudali komwe kuja, sizasi yanga inkasowabe. Kungoti adayambanso kudya, ndipo jekete lija adalibweretsa kuti ndiliike zigamba m'zigongono. A Nankhoma atamwalira dzinja lapitali, a Ching'ani adapalasa njinga kupita kumaliro, ndipo ulendo umenewo adakafika. Kamera adaisiya. Adakhala kumbuyo pakati pa amuna, n'kubwerera osalankhula ndi abale a malemu. Tsiku lina ndidawafunsa ngati akuganiza kuti gogo uja adawakhululukira. Adati sadafunse, ndipo sikudali kwawo kufunsa.

Chifuwa chinawagwira kuzizira kutangoyamba. Chakudza sichiimba ng'oma, tinkayesa ndi chimfine cha chaka ndi chaka.

Pamaliro anabwera a Felesiya, atanyamula chinthu chopyapyala chokulunga m'chitenje. Anthu atabalalika anatiitanira pambali ine ndi a Nabanda. Linali pepala lalikulu lija.

"Amayi adandiuza ali pamphasa," anatero. "Adati ndikatsikira kuli chete, mwana wangayu mukamubweze kwa ojambula aja, akamuike pabolodi paja adamuchotsa. Akhale pamsewu, aliyense azimuona. Mukawauzenso kuti bulangete lija achotse, lawalemera mokwanira. Ine ndimati ndikolole kaye ndibwere nazo. Ndachedwa."

A Nabanda anangolandira pepalalo ndi manja awiri.

Situdiyo sinatsekedwe ndi loko. Bulangete lili pamsomali wake, ndi mapindo anga m'mphepete. Fulashi ili pashelefu itavala chipewa chake, mabatire atachotsedwa kuti asadonthe. M'kakona kamdima mukadali fungo la mankhwala, ndipo m'beseni mwauma, mwatsala mzere woyera pamene madzi ankalekeza. Khomo la kumbuyo lili chitsegulire kuyambira tsiku limene anadwala, mbuzi zimasuzumira n'kubwerera, ndipo palibe aliyense wa ife amene walimba mtima kukalitseka.

Galasi la bolodi tsopano ndimapukuta ndine, ndisanayambe kusoka. Anthu opita kumsika amaima pafupi, n'kufunsa kuti madontho amenewa ndi chiyani. Ndimawauza kuti awoloke msewu akayang'ane ali kutsidya. Inenso ndimawoloka m'mawa uliwonse. Ndikacheuka, Lameki akuseka atapendeketsa mutu, ndipo pambali pake, kudzera pakhomo la situdiyo, pakuoneka mpando wopanda munthu ndi malo amene a Ching'ani ankaima podikira kuti wobisala atuluke.